Dzina, Kaundula ndi Chiphaso pa Ntchito ya Akatswiri a Kadyedwe ka Odwala

Katswiri wa kadyedwe ka odwala, amene m'zipatala amatchedwa dietitian, ndi munthu amene anaphunzira kugwiritsa ntchito chakudya ngati gawo la chithandizo cha matenda. Amapima thupi la wodwala, amawerenga zotsatira za magazi, amafunsa zimene wodwalayo amadya kunyumba, ndipo akatero amakonza kadyedwe kogwirizana ndi nthendayo komanso mankhwala amene dokotala walemba. Wodwala akamalephera kumeza, katswiriyu ndiye amawerengera mlingo wa chakudya chodutsira m'chubu cha m'mphuno. Mayiko ambiri anaika ntchitoyi m'gulu la ntchito za umoyo zimene munthu saloledwa kungoziyamba mwa yekha, ndipo chifukwa chake n'chakuti chakudya chimene chimalimbitsa munthu wathanzi chingathe kuvulaza wodwala.

Nthochi, mapeyala ndi mbatata ya kachewere ndi zakudya zabwino, koma zili ndi mchere wa potaziyamu wambiri. Impso zikafooka zimalephera kuchotsa mcherewu m'magazi, ndipo ukachuluka mtima umagunda mosalongosoka mwinanso kuima kumene. Mwana wonyentchera kwambiri amene wagonekedwa m'chipatala sayambira chakudya champhamvu, ngakhale mayi wake angafune kuti anenepe msanga. Amayambira mkaka wa F-75, umene uli ndi mphamvu zochepa, ndipo thupi likakhazikika m'pamene amamupatsa F-100 kapena chiponde. Kumukhutitsa tsiku loyamba kumasokoneza mchere wa m'thupi ndi kulemetsa mtima umene uli wofooka kale. Munthu wa shuga amene amabaya jakisoni wa insulin akauzidwa kuti azidumpha chakudya kuti achepetse thupi angathe kukomoka. Pa zonsezi malangizo olakwika amamveka anzeru m'khutu la wodwala, ndipo iye alibe njira yodziwira kuti amene akumulangizayo anaphunziradi kapena ayi. Malamulo a ntchitoyi anabwera kudzatseka mpata umenewu.

Mawu oyamba ofunika kuwasiyanitsa ndi dietitian ndi nutritionist. Pa wailesi onse awiri amatchedwa akatswiri a za kadyedwe, ndipo maphunziro awo amakumana pa zambiri, koma kawirikawiri malo awo ogwirira ntchito amasiyana. Nutritionist amayang'ana kwambiri kadyedwe ka anthu ambiri pamodzi: kupinimbira kwa ana m'boma lonse, phala la m'sukulu, kuwonjezera vitamini A mu shuga ndi mafuta ophikira, kuthira ayodini mu mchere. Dietitian amaphunzira zimenezi, koma amaphunziranso ntchito ya pambali pa bedi la wodwala mmodzi. Mmene lamulo limaonera maina awiriwa zimadalira dziko. Ku Britain dzina la dietitian ndi lotetezedwa ndi lamulo, pamene la nutritionist aliyense angathe kudzipatsa; bungwe la Association for Nutrition lili ndi kaundula wa ma nutritionist, koma kulowamo n'kufuna kwa munthu. Ku South Africa maina onse awiri ali m'manja mwa Health Professions Council of South Africa, yomwe ili ndi nthambi yoona za dietetics ndi nutrition. Kenya inakhazikitsa lamulo lapadera m'chaka cha 2007 limene linabala bungwe la Kenya Nutritionists and Dieticians Institute. Ku Australia boma silinaike ntchitoyi pa kaundula wake wa ntchito za umoyo, choncho bungwe la akatswiri eni ndilo limapereka chizindikiro cha amene akwaniritsa muyezo.

Dzina lotetezedwa limatanthauza kuti munthu amene sali m'kaundula akadzitchula dzinalo, kaya pa chikwangwani, pa kalata kapena pa intaneti, ndi cholinga chonamiza anthu, wapalamula mlandu ndipo angathe kulipitsidwa chindapusa. Lamulo lotere limaletsa dzina lokha. Munthuyo angathe kupitiriza kulankhula za zakudya malinga ngati sakudzionetsa ngati dietitian. Pali lamulo lina lolimba kuposa ili, limene limateteza ntchito yeniyeniyo: wopanda chiphaso saloledwa kukonzera wodwala kadyedwe kochizira nthenda, kaya wadzitcha dzina lanji. Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino ku United States, kumene chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake. Zigawo zina zimateteza ntchito, zina dzina lokha, ndipo mikangano ya m'makhoti yakhala ikubuka pa funso lakuti kulangiza munthu za chakudya ndi chithandizo cha chipatala kapena ndi kulankhula chabe kumene aliyense ali nako ufulu.

Kaundula ndi mndandanda wa anthu amene bungwe loyang'anira lawavomereza kugwira ntchitoyo. Ndi wa anthu onse, kotero chipatala cholemba ntchito kapena m'bale wa wodwala ali ndi ufulu wofunsa ngati dzina la wakutiwakuti lilimo. Ku Malawi ma dietitian amalembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madokotala ndi madokotala a mano la m'chaka cha 1987. Bungwe lomweli limalemba madokotala, ma clinical officer, oyeza magazi ndi ena othandizana nawo, pamene anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo, ndipo a za mankhwala ali pansi pa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Anthu ambiri amasokoneza mapepala atatu amene katswiri angapachike pakhoma. Digiri kapena dipuloma imachokera ku sukulu ndipo imangochitira umboni kuti munthu anaphunzira n'kukhoza mayeso. Siitha ntchito ndipo palibe amene amailanda chifukwa cha kulakwitsa kwa ku wodi. Chiphaso chogwirira ntchito chimachokera ku bungwe loyang'anira, chili ndi nthawi yake, ndipo chingathe kulandidwa. Ku Britain chimakonzedwanso pa zaka ziwiri zilizonse. Pepala lachitatu ndi la umembala wa bungwe la akatswiri eni, ndipo ili silipereka chilolezo chilichonse cha boma. Munthu wa digiri yabwino amene chiphaso chake chinatha ali ngati dalaivala wodziwa msewu koma wopanda laisensi: luso ali nalo, koma lamulo silimulola.

Kusiyana kwa mabungwe awiriwa n'kofunika kwambiri kuposa mmene kumaonekera. Bungwe la akatswiri eni, monga British Dietetic Association yomwe inayamba m'chaka cha 1936, kapena American Dietetic Association ya mu 1917 imene mu 2012 inasintha dzina kukhala Academy of Nutrition and Dietetics, limaimira mamembala ake. Limakonza misonkhano, limasindikiza kafukufuku, limamenyera malipiro abwino. Bungwe loyang'anira, monga Health and Care Professions Council ya ku Britain, silinakhazikitsidwe kuti liteteze katswiri. Ntchito yake ndi kuteteza wodwala, ngakhale ndalama zoyendetsera bungwelo zimachokera m'matumba a akatswiri omwewo. N'chifukwa chake mabungwe otere amaika pakati pawo anthu wamba amene si a ntchitoyo. Pamene maudindo awiriwa ali m'dzanja limodzi, anthu amakayikira ngati anzawo a ntchito angaweruzane moona.

Njira yolowera m'kaundula imayambira ku sukulu yovomerezeka. Bungwe loyang'anira limaunika maphunziro enieniwo: aphunzitsi, zimene zili m'silabasi, ndi zipatala zimene ophunzira akaphunziriremo ntchito. Gawo lalikulu ndi ntchito yoyang'aniridwa, pamene wophunzira amaona odwala enieni pamaso pa katswiri wolembetsedwa amene amasainira zimene wachita. Ku United States pamafunika maola osachepera 1,000 a ntchito yotere, kenako mayeso a Commission on Dietetic Registration, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2024 wolemba mayesowa ayenera kukhala ndi digiri yachiwiri. Ku South Africa maphunziro ndi a zaka zinayi, kuwonjezapo chaka chimodzi chotumikira m'zipatala za boma. Ku Malawi maphunziro a ntchitoyi ndi atsopano. Anayamba m'chaka cha 2016 ku yunivesite ya LUANAR mogwirizana ndi College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ma dietitian ochepa amene analipo m'dziko muno nthawi imeneyo isanafike anaphunzira kunja.

Malire a ntchito ndi mawu onena zimene katswiri aloledwa kuchita malinga ndi maphunziro ndi luso lake. Kupeza kuti munthu ali ndi shuga kapena nthenda ya impso ndi ntchito ya dokotala. Dietitian amapeza vuto la kadyedwe limene labwera ndi nthendayo, monga kuchepa kwa zomanga thupi kapena kuchuluka kwa mchere, n'kukonza chochita. Kusintha mlingo wa mankhwala si kwake, pokhapokha lamulo litamupatsa mphamvu imeneyo. Ku Britain kuyambira mu 2016 ma dietitian amene achita maphunziro owonjezera amaloledwa kulemba mankhwala ena motsatira dongosolo limene agwirizana ndi dokotala. Malirewa ali ndi mbali inanso imene lamulo silingailembe yonse. Katswiri amene wakhala zaka zambiri akuona akuluakulu a shuga sayenera kungoyamba kuwerengera chakudya cha khanda lobadwa masiku osakwana, ngakhale chiphaso chake chikumulola. Kudziwa pamene luso lathera ndi kutumiza wodwala kwa wina ndi gawo la ntchitoyo.

Funso la malire limalemera kwambiri m'dziko ngati Malawi, kumene ma dietitian ndi ochepa ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Uthenga wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, amene ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, umafika m'midzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, anamwino a kusikelo ya ana ndi amayi ongodzipereka. Iwowa ndiwo amapima mkono wa mwana ndi kalamba, kuphunzitsa kuphika phala lotsira nsinjiro, ndi kutumiza kuchipatala mwana wotupa mapazi. Lamulo limene lingati aliyense wolankhula za chakudya akhale ndi chiphaso lingatseke pakamwa anthu amenewa, ndipo ovutika angakhale ana. Njira yanzeru ndi kusiya malangizo a kadyedwe koyenera m'manja mwa onse amene anaphunzitsidwa kuwapereka, n'kusungira akatswiri olembetsedwa zinthu ziwiri: dzina lawo, ndi kadyedwe kochizira munthu amene wapezeka ndi nthenda. Amene lamulo liyenera kulimbana nawo ndi ogulitsa ufa ndi timabotolo amene amauza wodwala shuga, BP kapena HIV kuti asiye mankhwala a kuchipatala chifukwa chakudya chawocho chimuchiza.

Chiphaso chikapezeka sichisungika chokha. Nzeru za kadyedwe zimasintha, choncho mabungwe oyang'anira amafuna umboni wa maphunziro opitiriza, amene m'zipatala amangowatchula kuti CPD. Ku United States ndi maola 75 pa zaka zisanu zilizonse. Ku Britain sawerenga maola, koma nthawi yokonzanso ziphaso amasankha mwa mayere pafupifupi munthu mmodzi mwa 40 aliwonse kuti aonetse zimene waphunzira ndi mmene zathandizira odwala ake.

Palinso malamulo a khalidwe. Kusunga chinsinsi cha wodwala ndi kupempha chilolezo chake ndi zofanana ndi za ntchito zina zonse za chipatala. Chimene chimavuta kwambiri pa ntchito ya kadyedwe ndi phindu lobisika. Katswiri amene amalandira kenakake kuchokera ku kampani yogulitsa zakudya zowonjezera mphamvu amakhala ndi mitima iwiri pamene akulangiza wodwala, ndipo malamulo amafuna kuti aulule ubale wotere kapena aupewe. Nkhani ya mkaka wa m'chitini wa makanda ndiyo inaphunzitsa dziko lonse za vutoli, mpaka mu 1981 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa malamulo oletsa makampani kutsatsa mkakawu mwa kupereka mphatso kwa ogwira ntchito za umoyo.

Katswiri akalakwitsa, wodwala, m'bale wake, bwana wa pantchito kapena mnzake wa ntchito angathe kukapereka dandaulo ku bungwe loyang'anira. Bungwelo limayamba laona ngati nkhaniyo ili m'manja mwake, limafufuza, ndipo likapeza kuti pali choyankha limaitanitsa bwalo limene wodandaulidwayo amadziteteza, nthawi zina ndi loya. Zilango zimayambira pa chenjezo, kugwira ntchito moyang'aniridwa, kuimitsidwa kwa nthawi, mpaka kufufutidwa m'kaundula, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wochita apilo. Bwaloli silipereka chipepeso kwa wodwala. Zimenezo ndi za khoti. Funso lake ndi lakuti kodi munthuyu ndi woyenera kupitiriza kuona odwala. Mlandu wodziwika kwambiri wokhudza malangizo a kadyedwe unachitika ku South Africa. Mu 2014 Pulofesa Tim Noakes, amene anali m'kaundula ngati dokotala, anayankha mayi woyamwitsa pa Twitter kuti mwana akamasiya bere amuyambitse zakudya za mafuta ambiri ndi sitachi yochepa. Mtsogoleri wa bungwe la ma dietitian la m'dzikolo anakadandaula ku Health Professions Council, ndipo nkhaniyo inatenga zaka. Mu 2017 bwalo linamupeza wosalakwa, ndipo apilo ya mu 2018 sinasinthe chigamulocho. Imodzi mwa mfundo zazikulu inali yakuti yankho la pa intaneti silinapange ubale wa dokotala ndi wodwala, umene ndiwo umabweretsa udindo wonse wa chithandizo.

Chiphaso chimagwira ntchito m'dziko limene chinaperekedwa basi. Mmalawi amene anaphunzira ku Cape Town kapena ku Nairobi akabwerera kwawo ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi asanayambe kuona odwala, ndipo wophunzira ku Lilongwe akafuna ntchito ku Britain amapereka mapepala ake ku Health and Care Professions Council kuti iyerekeze maphunziro ake ndi muyezo wa kumeneko. Pa kusamuka kotere bungwe latsopano limafunanso kalata ya mbiri yabwino yochokera ku bungwe lakale, yotsimikiza kuti munthuyo sanaimitsidwe, sanafufutidwe m'kaundula, ndipo alibe mlandu umene ukudikira kuzengedwa.