Kupaka wax galimoto yogula kumene: tsiku loyenera limadalira utoto wake

Munthu akangolandira makiyi a galimoto yomwe wagula, alangizi amachuluka. Ena amamuuza kuti asayerekeze kuipaka wax mpaka patatha miyezi itatu chifukwa utoto sunakhwime, pomwe ena amati aipake tsiku lomwelo dzuwa lisanaiwononge. Magulu onsewa ali ndi mfundo, kungoti akukamba za galimoto zosiyana. Tsiku loyenera kupaka wax limawerengedwa kuchokera pamene utoto unapoperedwa, ndipo zimadaliranso kuti unaumitsidwira kufakitale kapena kugalaja. Tsiku limene mwini wake analipira ndalama lilibe gawo pankhaniyi.

Wax ndi mtundu wa phula lofewa limene limapakidwa pamwamba pa utoto n'kupukutidwa. Wodziwika kwambiri ndi wa carnauba, yemwe amachokera ku masamba a mtengo wa mtundu wa mgwalangwa womera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Palinso wina wopangidwa ndi mankhwala m'fakitale, amene m'masitolo amalembedwa kuti sealant. Onsewa ntchito yawo ndi imodzi: kusiya kachikopa kopyapyala kwambiri kuti madzi, fumbi ndi zonyansa zina zisamatirire pa utoto weniweniwo.

M'malo ambiri otsukira galimoto, mawu oti polishi amagwiritsidwa ntchito pa chilichonse chowalitsa, ndipo apa mpomwe eni galimoto ena amapwetekera. Polishi weniweni amapala utoto pang'ono kuti achotse zokalika, pomwe wax sachotsa kanthu, amangophimba. Galimoto yatsopano yopanda zokalika sifunika kupalidwa konse.

Utoto wa kufakitale

Utoto wa galimoto za masiku ano uli ndi magawo angapo osanjikizana. Pansi penipeni pali gawo loteteza chitsulo ku dzimbiri, kenako primer, kenako utoto wa mtundu womwe maso amaona, ndipo pamwamba pali gawo loonekera mkati lomwe opopera utoto amalitcha clear coat. Magawo onsewa akaphatikizidwa, kuchindikala kwawo kumangoposa pang'ono pepala la m'buku, ndipo clear coat payekha nthawi zambiri safika ndi theka lomwe la muyezo umenewo. Ndiye amene amalandira dzuwa, mvula ndi nsanza ya wotsuka. Akatha, utoto umayamba kutuwa n'kumasendeka, makamaka padenga ndi paboneti, monga momwe zimaonekera pa galimoto zakale zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Zikafika apa wax sangathandizenso. Yotsala ndi kupoperanso.

Kufakitale, thupi la galimoto limapakidwa utoto lisanaikidwe injini, mipando, mawaya ndi magalasi. Pachifukwachi limatha kulowetsedwa mu uvuni wotentha madigiri 140 kapena kuposerapo popanda chopserera. Kutentha kotereku kumakhwimitsa utoto kotheratu galimoto isanatuluke pachipata. Kuonjezera apo, galimoto yatsopano yogulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka imakhala itatha kale masabata kapena miyezi panjira ndi m'malo osungira. Choncho palibe chodikira. Itha kutsukidwa n'kupakidwa wax sabata yoyamba yomweyo.

Chongofunika kufunsa wogulitsa n'chakuti ngati anaipaka kale mankhwala ena oteteza, monga ceramic coating. Ngati anatero, wax wamba alibe phindu lenileni, ndipo akhoza kungophimba mphamvu ya mankhwalawo yothamangitsa madzi. Galimoto za utoto wosanyezimira, wotchedwa matte, sizipakidwa wax wamba chifukwa amasiya zigamba zowala zovuta kuchotsa.

Utoto wa kugalaja

Langizo lija la miyezi itatu linabadwira pano. Galimoto ikapoperedwa utoto kugalaja, imakhala ndi mapulasitiki, mphira ndi zamagetsi zake zonse, motero siingaotchedwe ngati kufakitale. Magalaja okhala ndi chipinda chotenthetsera amafika madigiri 60 kapena chapompo, ndipo ang'onoang'ono ambiri amangoumitsa ndi mphepo ndi dzuwa pabwalo. Utoto wotere umauma pamwamba tsiku limodzi kapena awiri, munthu n'kuugwira osadetsa chala, koma mkati mwake mankhwala osungunulira utoto, monga thina, amapitirira kutuluka pang'onopang'ono kwa masabata ambiri.

Wax akapakidwa nthawi imeneyi amatseka njira ya mpweyawo. Zotsatira zake utoto ukhoza kuchita chifunga, kutaya kuwala kapena kukhalabe wofewa moti umakalika msanga. Opanga utoto amasiyana pa nthawi yomwe amalangiza, koma ambiri amatchula masiku apakati pa 30 ndi 90. Wopopera wodziwa ntchito yake ayenera kunena mtundu wa utoto womwe wagwiritsa ntchito ndi masiku oyenera kudikira. Ngati sanena, masiku 90 ndiwo opanda chiopsezo, makamaka ntchitoyo ikachitika m'miyezi yozizira ya June ndi July pamene utoto umachedwa kukhwima. M'nyengo yodikirayi galimoto itsukidwe ndi madzi ambiri ndi nsalu yofewa, ndipo isavindikiridwe ndi lona wothina.

Zochokera ku Japan

Kwa Amalawi ambiri, galimoto "yatsopano" ndi yomwe inayendapo kale ku Japan, n'kubwera pa sitima ya pamadzi mpaka padoko la Dar es Salaam, kenako pamsewu kudzera pachipata cha Songwe ku Karonga. Utoto wake wa kufakitale unakhwima zaka zapitazo, ndiye nkhani ya kudikira palibe. Koma pali misampha iwiri.

Woyamba ndi wa zigamba. Galimoto ikhoza kukhala ndi chitseko kapena bampa yomwe yapoperedwa posachedwa, kaya ku Japan konko kapena kuno pofuna kubisa pomwe inagundika panjira. Amene wagula kwa wogulitsa wa m'tauni ali ndi ufulu wofunsa mwachindunji ngati pali mbali yomwe yakonzedwa ndiponso kuti ndi liti. Pa galimoto zogulidwa pamsika wa okushoni ku Japan pamakhala pepala losonyeza momwe galimotoyo ilili: chilembo A chimaimira zokalika, U pobonyoka, W pomwe panakonzedwa n'kusiya mafunde, ndipo XX ndi mbali yomwe inasinthidwa. Pepalali likasowa, maso amathandiza. Mbali yopoperedwa kumene imasiyana mtundu pang'ono ndi inzake ikaonedwa padzuwa, nthawi zina pamakhala timadontho ta utoto pa mphira wa m'mbali mwa galasi, ndipo yatsopano kwambiri imanunkha thina. Mbali yotere ndi yokhayo yofunika kuidikira. Kwina konse kutha kupakidwa.

Msampha wachiwiri ndi waukulu kuposa woyambawo, ngakhale anthu saulabadira. Galimoto imeneyi yakhala masabata angapo padoko ndi panyanja, mumphepo ya mchere ndi mwaye wa sitima, kenako yayenda makilomita oposa 1,000 pamsewu wa fumbi, wodutsa malole ambiri. Pautoto pamakhala patakanirira tizidutswa ta chitsulo tosaoneka ndi maso, timadontho ta tala ndi guluu wa mapepala omwe amamatidwa pagalasi ndi pathupi. Kupaka wax pamwamba pa zimenezi ndi kuzitsekera mkati, ndipo popukuta, nsalu imakoka tizidutswato n'kulemba mizere yozungulira yomwe imaonekera bwino pa galimoto zakuda.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Galimoto ikatsukidwa n'kuuma, munthu avale jumbo yopyapyala kudzanja n'kusisita paboneti mopepuka. Akamva kukhakhala ngati mchenga, ndiye kuti utoto sunayere. Chochotsera zimenezi ndi dongo lapadera lotchedwa clay bar, lomwe limatsetserekedwa pa utoto wonyowetsedwa bwino ndi madzi a sopo wa galimoto. Dongolo likagwa pansi litayidwe, chifukwa limatola mchenga. Tala ali ndi mankhwala ake ochotsera. Petulo, yemwe ena amathamangira, sayenera kuzolowereka pa utoto. Ndi bwinonso kutsukitsa kunsi kwa galimoto kuti mchere uchoke, ngakhale kumeneko wax safikako.

Tsiku lopaka

Wax sapakidwa padzuwa kapena pa chitsulo chotentha, chifukwa amauma asanafalikire n'kusiya mizere. M'mwezi wa October, boneti ya galimoto yakuda masana imatentha yosagwirika, choncho nthawi yabwino ndi m'mawa kapena madzulo, pamthunzi wa denga osati wa mtengo. Apakidwe pang'ono, mbali imodzi imodzi, n'kupukutidwa ndi nsalu ya microfibre yoyera akangoyamba kutuwa. Kuchulutsa sikuonjezera chitetezo, kumangovutitsa wopukuta. Mapulasitiki akuda a m'mbali apewedwe popeza wax amawasiyira zoyera zokanirira.

Kwa amene ali ndi ufulu wosankha nyengo, masabata omaliza mvula isanayambe mu November ndi abwino, ndipo kachiwiri mvula ikatha cha mu April, fumbi lisanabuke. Wax wa carnauba sakhalitsa: m'dziko lotentha ngati lino, pa galimoto yogona panja, amatha pakati pa mwezi umodzi ndi itatu. Sealant amatha kufika miyezi isanu ndi umodzi. Chizindikiro chake ndi madzi. Akamasonkhana timadontho tozungulira n'kumagubuduka, chitetezo chikadalipo. Akayamba kuyala ngati pambale, nthawi yakwana.

Wax sateteza ku miyala kapena makiyi a ana, ndipo zitosi za mbalame, za mileme ndi utomoni wa mitengo amangozichedwetsa. Zitosi zikakhala padzuwa kwa masiku zimasiya chipsera pa clear coat ngakhale wopakidwa bwino, motero zichotsedwe tsiku lomwelo ponyowetsa kaye, osati kukanda zouma. Madzi a pamjigo akaumira pathupi la galimoto amasiyanso mawanga oyera, choncho ipukutidwe isanaume yokha.

Chomwe chimamaliza wax msanga kuposa dzuwa ndi sopo wolakwika. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wa madzi wotsukira mbale anapangidwa kuti azisungunula mafuta, ndipo akagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza amafooketsa wax yemwe munthu wagula ndi ndalama zambiri. Amene amatsukitsa galimoto m'mbali mwa msewu angachite bwino kumayenda ndi botolo lake la shampu wa galimoto ndi nsalu zake ziwiri m'buti, n'kupempha kuti nsanza yotsukira matayala isakhudze thupi la galimoto.