Wotchi inafera pa siteji

Kuchokera pa depoti ya ku Limbe kukafika pakati pa tauni ya Blantyre pali mtunda wa makilomita 8 kapena kuposerapo pang'ono. Munthu wa miyendo yabwino, wosadwala nyamakazi, amaudula mtunda umenewu pa ola limodzi ndi theka. Minibasi imayenera kuudula pa mphindi 20. Koma funsani aliyense amene amagwira ntchito mbali imodzi n'kumagona mbali inayo, akuuzani kuti munthu wokwera minibasi safunsidwa kuti afika nthawi yanji. Ngakhale funso lakuti "tinyamuka liti?" yankho lake n'limodzi: "Tikadzaza." Ine ndakwera njira imeneyi chiyambire ntchito yolembalembayi, ndipo m'maola amene ndataya nditapanikizika pampando wakumbuyo, mawondo ali kukhosi, ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi mzinda uno unayamba liti kuyenda popanda wotchi.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti Blantyre ndi matauni awiri amene anachita kukwatitsidwa. Blantyre weniweni anayamba mu 1876 ndi amishoni a Church of Scotland, a Mandala n'kubwera pambuyo pawo ndi malonda. Limbe inadzuka mochedwerapo, njanji ya Shire Highlands itafika mu 1908, pomwe kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ya fodya kumeneko, a njanji nawonso n'kuikako likulu lawo. Matauni awiriwa anawaphatikiza mu 1956, koma siginecha ya atsamunda sinafupikitse mtunda wa pakati pawo. Malo a m'kati mwa tauni anali m'manja mwa azungu ndi amwenye. Wantchito wakuda ankagona kunja, m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe, n'kumalawira wapansi tambala asanalire kachiwiri. M'zaka zoyambirira zija mzungu akafuna kuyenda ankagona m'machila anthu n'kumusenza, katundu wake n'kumayenda pamitu ya amtengatenga. Kunena mosapsatira, basi yoyamba ya mzinda uno inali mapewa a agogo athu, ndipo eni mapewawo analibe chokwera.

Mabasi enieni anabwera nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1947 kunakhazikitsidwa kampani ya Nyasaland Transport, yomwe dziko litalandira ufulu inadzadziwika ndi dzina lakuti United Transport Malawi, kapena UTM monga momwe aliyense ankaitchulira. Lamulo linkaiteteza kampaniyi kuti isakhale ndi opikisana nawo ambiri m'njira zake. Kukhala wekha pamsika kuli ndi zoipa zake, ndipo tizitchula, koma kunabereka chinthu chimodzi chimene ana a lero sanachionepo: ndandanda ya nthawi. Dalaivala ankalandira malipiro pamwezi, kondakitala chimodzimodzi, ndipo woyendera matikiti ankatha kukwera paliponse mosayembekezereka. Nthawi yonyamuka ikakwana basi inkanyamuka, kaya muli anthu 60 kaya muli asanu, chifukwa mipando yopanda anthu sinkachotsa ndiwo pambale ya dalaivala. Phindu la m'mawa ndi madzulo, pomwe anthu ankachita kupachikana, linkalipirira ulendo wa masana wopanda anthu.

Amalume anga, omwe anakalambira m'mafakitale a ku Makata, safuna kumva munthu akuitamanda kwambiri nthawi imeneyo. "Mphwanga," amatero iwo, "ndandanda inalipo, inde, koma mabasi anali ochepa. Ikakudutsa yodzaza, basi, yambapo wapansi." Amakumbukanso mizere yaitali ya madzulo, ndi anyamata a yunifomu zofiira a chipani cha Kongeresi omwe ankaima pakhomo la depoti kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankakwera, ngakhale ndalama ya tikiti ili m'manja. Ndipo tsiku limene Kamuzu ankadutsa, msewu waukulu unkatsekedwa kudakali maola, ndandanda ija n'kusanduka pepala wamba. Komabe ndikawafunsa ngati ankadziwa nthawi yoyenera kuchoka panyumba kuti akafike ku ntchito belu lisanalire, amavomera kuti ankadziwa. Ine sindidziwa, ndipo ndili ndi wotchi pafoni yosaphonya ngakhale sekondi.

Pang'ono ndipatuke. Depoti ya mabasi ya ku Blantyre timaitchula kuti Wenela, dzina lochokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association lomwe linkalemba amuna opita ku migodi ya ku South Africa. Kulembako kunaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Bungwelo linapita, dzina linatsala, ndipo mpaka lero anthu amakhala pamenepo ndi zikwama zawo kudikira galimoto.

Mu 1989 kampani ya ku Scotland yotchedwa Stagecoach, ya Brian Souter ndi mlongo wake Ann Gloag, inagula gawo lalikulu la UTM. Apa mpamene misewu ya Blantyre inadzaza mabasi osanjikizana, ena mwa iwo atagwirapo kale ntchito ku Hong Kong. Ine ndinabadwa mabasiwa atangofika kumene, choncho ndimawakumbukira mwachimbuuzi: masitepe opapatiza, ndi nthambi za mitengo zikukwapula zenera la pamwamba. Akuluakulu amasimbabe nthabwala ya agogo ena omwe anakana kukwera pamwamba ati chifukwa kulibe dalaivala. Nthabwala ili apo, basi imodzi yotere inkachotsa anthu oposa 70 pa siteji nthawi imodzi.

Kenaka dziko linatembenuka. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa pa 8 Malichi 1992, sitalaka ya ogwira ntchito ku David Whitehead inabuka mu Meyi chaka chomwecho, riferendamu inachitika mu 1993, ndipo mu 1994 tinasankha boma la matipate. Pamodzi ndi ufulu wolankhula panabweranso ufulu wa malonda. Kwacha anaimasula mu Febuluwale 1994 ndipo inagwa chagada, zipangizo za mabasi zoitanitsa kunja n'kukwera mtengo. Njira zomwe kale zinali za kampani imodzi zinatsegukira aliyense wotha kugula galimoto. Wopuma pantchito anatenga penshoni yake n'kugula Hiace yakale yochokera ku Japan. Wochotsedwa ntchito m'makampani a boma omwe ankagulitsidwa anachita chimodzimodzi. Sindiwanyoza anthu amenewa. Anthu ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama ya minibasi ya bambo awo, ndipo kwa munthu wa ku Machinjiri kapena ku Chilobwe yemwe kale basi yodzaza inkamudutsa, minibasi inali mpulumutsi.

Koma basi yaikulu sikanatha kupikisana ndi kagalimoto kothamanga komwe kankafika pa siteji mphindi ziwiri patsogolo pake n'kukokolola anthu onse. Ulendo wa m'mawa wopindulitsa uja unalandidwa, kampani n'kutsala ndi maulendo otayitsa ndalama. Mu 1997 Stagecoach inagulitsa gawo lake kwa ADMARC n'kunyamuka, kampani n'kutchedwa Shire Bus Lines. Tangoganizani, bungwe logula chimanga ndi thonje kuyamba kuyendetsa mabasi. Pofika 2007 kampaniyo inali itatsekedwa. Makampani ena anadzatenga maulendo aatali a ku Lilongwe ndi Mzuzu, koma basi ya m'tauni yoyendera nthawi sinabwererenso.

Chodabwitsa n'chakuti zonsezi zinkachitika mzinda ukufufuma. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 333,000 mu Blantyre, wa 1998 anapeza oposa 500,000, ndipo wa 2018 anapeza 800,000. Anthu akuchuluka, chokwera chawo chinkachepa msinkhu, kuchoka pa basi ya anthu 70 kufika pa ya anthu 15.

Tsono apa mpamene pagona nkhani, awerengi. Ambiri timatukwana dalaivala ndi kondakitala ngati kuti kuchedwetsa anthu ndi mtima wawo woipa. Koma taonani m'mene ndalama imayendera m'minibasi. Mwini galimoto amatchula ndalama yoti ailandire madzulo aliwonse, tageti, zivute zitani. Mafuta agula ndi dalaivala ndi kondakitala kuchokera pa zomwe atolera. Woitanira pa siteji alandire yake. Zotsalazo, ngati zilipo, ndiye malipiro awo. Munthu wogwira ntchito motere sanganyamuke ndi mpando wopanda munthu, chifukwa mpando umenewo ndi nsima ya ana ake. Kale kampani ndiyo inkasenza mtengo wa mpando wopanda munthu. Lero mtengo umenewo tikulipira ndi ife okwera, ndipo tikulipira ndi nthawi yathu.

Zina zonse zimene zimatipweteka mutu zimatuluka pa muzu womwewu. Mufika pa siteji n'kupeza minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza, injini ikulira, dalaivala akuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo ngati ikunyamuka. "Mmodzi wotsala, bwana, tikupita!" Mukwera. Mukangokhala, anyamata atatu omwe anali pampando wakutsogolo atsika mmodzimmodzi, poti ntchito yawo inali yongokhalamo kuti galimoto ioneke yodzaza. Mukafuna kutsika, kondakitala watolera kale ndalama ndipo chenji alibe. Mwadzaza, mwanyamuka, ulendo woyamba ndi wa pa filing'i siteshoni kukathira mafuta a ndalama zanu zomwezo, malita awiri kapena atatu, ongokwanira kukafika. Akaperewera, galimoto izimira pa chitunda, kondakitala n'kuthamanga ndi chigubu. Ndiye pali kugulitsidwa. Anthu akatsika ambiri pa Ginnery Corner kapena pa Chichiri, dalaivala amaona kuti kupitiriza ndi anthu anayi n'kutaya mafuta, choncho amaimitsa mnzake n'kukusamutsirani m'menemo ngati matumba a makala, iye n'kutembenuka. Tsiku lina mayi wina wachikulire anafunsa mwaulemu, "Mwanawe, ndalipira mpaka ku Limbe, nanga bwanji ukunditsitsa pano?" Mnyamatayo anayankha kuti, "Amayi, musadandaule, ndakulipirirani kwa achimwenewo." Mayiyo anatsika ndi dengu lake, ndipo minibasi yachiwiriyo inaimanso mphindi 15 kudikira kuti idzaze.

Mtengo nawonso ulibe pepala. Kukagwa mvula umakwera, dzuwa likamalowa umakwera, masana anthu akasowa umatsika mpaka oitanira kumakulandani chikwama. Munthu wolandira malipiro pamwezi sangathe kulemba bajeti ya mayendedwe n'kuikhulupirira.

Boma silinangokhala chete, koma mankhwala ake akhala akupaka pomwe sipakupweteka. Mu 2006 linaletsa oitanira, apolisi n'kuwathamangitsa m'masiteji. Pitani pa Mibawa kapena ku Limbe mukaone ngati anatha. Linalamula kuti pampando pazikhala anthu atatu m'malo mwa anayi, ndipo mu 2020, nthawi ya Covid-19, chiwerengero chinachepetsedwanso, mitengo n'kukwera pompo. Msewu waukulu wa Masauko Chipembere, womwe kale unkatchedwa Kamuzu Highway, anaukulitsa ndi thandizo la dziko la Japan, koma minibasi ya anthu 15 imaima pamzere umodzi ndi galimoto ya munthu mmodzi. Malamulo onsewa amawerenga anthu pampando, mapepala a galimoto ndi matayala. Sindinaonepo lamulo lofunsa kuti galimoto inyamuka nthawi yanji. Ndipo sangalilembe, poti palibe yemwe angalipire dalaivala wonyamuka ndi mipando yopanda anthu.

Pamwamba pa zonsezi pali mafuta, omwe amachita kuyenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola omwe dziko lino limawasowa kawirikawiri. Mu 2011 mizere ya pa filing'i siteshoni inali chimodzi mwa zomwe zinatulutsa anthu m'misewu pa 20 Julayi, tsiku lomwe zionetsero zinathera m'maliro. Mizere yomweyo inabwereranso kuyambira mu 2022, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Masiku otere zinthu zimatembenuka: minibasi ndiyo imagona pamzere kudikira mafuta, anthu ali mbwee pa siteji, ndipo ikatulukira imodzi ulemu umathera pomwepo. Wa jekete ndi tayi amalowera pazenera, wapakati ndi wokalamba n'kutsala.

Msika wapeza njira zake, ndipo nazonso n'zocheperachepera. Kunabwera timagalimoto ta Sienta tomwe timadzaza msanga poti mipando yake ndi 7, ngakhale kuti olowamo amaposa pamenepo. Kunabwera kabaza wa njinga yamoto, yemwe sadikira munthu wachiwiri, amanyamuka mukangokhala. Ameneyu ndiye yekha wogulitsa nthawi mumzinda muno, ndipo amaigulitsa modula. Mtengo wake winawo ukuoneka m'mawodi a anthu othyoka mafupa m'zipatala zathu zikuluzikulu.

Otsalawo, omwe malipiro awo sangakwanitse minibasi kawiri patsiku, abwerera ku njira ya agogo aja. Dzukani m'mamawa cha m'ma 5 koloko muime m'mbali mwa msewu wochokera ku Ndirande kapena ku Mbayani, muona mzere wa anthu wosaduka: alonda akuweruka, amayi a madengu akulowera kumsika, anyamata a m'mafakitale nsapato zantchito zili m'jumbo. Ena amadutsa m'mbali mwa njanji ija ya 1908, yomwe imalumikizabe Limbe ndi Blantyre n'kupitirira cha ku Chirimba mpaka ku Lunzu. Sitima ya katundu ikamabwera amapatuka pang'ono, ikadutsa n'kubwereranso panjira.