Makoleji a ntchito zamanja a m'madera ku Machinga ndi Balaka

Makoleji a ntchito zamanja a m'madera ndi sukulu zaboma zomwe zimaphunzitsa achinyamata maluso monga zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka zovala ndi kukonza njinga zamoto. Ndondomekoyi idakhazikitsidwa ndi Pulezidenti Peter Mutharika m'mwezi wa March 2015 pa koleji ya Ngara ku Karonga, ndipo cholinga chidali choti lililonse mwa maboma 28 a dziko lino likhale ndi koleji yake. Kwa zaka zambiri makolejiwa akhala pansi pa unduna wa zantchito, pamene bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limayang'anira maphunzirowo ndi kulandira msonkho wa 1 peresenti pa malipiro omwe olemba ntchito amapereka kwa antchito awo.

Ku Balaka koleji yotereyi ili kwa Khwisa. Pa boma pomwepo pali koleji ina ya Andiamo, yomwe si yaboma. Koma kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 400,000 m'boma la Balaka ndi oposa 700,000 ku Machinga, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata. Malo amene koleji imodzi pa boma ingapereke ndi ochepa kwambiri powayerekeza ndi chiwerengerochi.

Vuto loyamba limagona m'dzina lenilenilo. Makolejiwa adawakonza kuti wophunzira aziyendera kuchokera kwawo, n'chifukwa chake ambiri adayamba opanda malo ogona. Ganizoli limatheka kwa mwana wa mudzi woyandikana ndi koleji. Wa ku Utale, Phalula, Nayuchi kapena Ngokwe sangapalase njinga m'mawa uliwonse n'kukafika nthawi yabwino. Amayenera kuchita lendi, kudzigulira ufa ndi ndiwo, ndiponso kupeza fizi. M'maboma awiriwa mvula siidalirika, ndipo chaka chomwe chimanga chapserera, kapena chakokoloka monga zidachitikira ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, ndalama za lendi ndizo zimayamba kusowa pakhomo. Atsikana ndiwo amavutika koposa, popeza makolo amadodoma kumusiya mwana wamkazi yekha m'nyumba ya lendi, m'dera lomwe maukwati a ana aang'ono ndi mimba zosakonzekera zikadali zochuluka.

Atsogoleri a makolejiwa nkhawa yawo ili pa zipangizo. Ntchito yamanja siiphunziridwa pabolodi. Wowotcherera amatha ndodo zowotcherera ndi zitsulo, kalipentala amatha matabwa ndi misomali, mmisiri wa nyumba amatha simenti, ndipo zonsezi zikatha ziyenera kugulidwanso. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katunduyu idakwera, moti thumba lomwelo lidayamba kugula zochepa. Magetsi akazima makina amangokhala. Aphunzitsi aluso nawonso n'ngovuta kuwasunga kumudzi, chifukwa mmisiri wodziwa ntchito amapeza zambiri akadzilemba yekha ntchito m'tauni.

Mbali ina ya maphunzirowa imachitikira pamalo a ntchito, ndipo apa mpamene Machinga ndi Balaka amachepekedwa. Kupatula ku Liwonde, pa boma la Balaka ndi malo amalonda monga Ntaja ndi Ulongwe, makampani oti alandire ophunzira ndi owerengeka. Ambiri amatumizidwa ku Zomba kapena ku Blantyre, komwe moyo ndi wodula kuposa kwawo.

Akamaliza, satifiketi payokha siigula makina osokera kapena bokosi la masipanala. Msika ulipo ndithu: njinga zamoto za kabaza zomwe zadzaza pa Liwonde ndi pa Balaka zimafuna amakaniko tsiku ndi tsiku. Koma wopanda mpamba amagwira ganyu pa garaja ya mnzake, ndipo ena amatsata njira yomwe anyamata a ku Machinga adaizolowera kale, ya ku Johannesburg.