Mbiri ya Mneni wa Chingerezi Wonena za Kukumbuka

Mawu ali nawo makolo monga anthu, ndipo mphunzitsi wodziwa kumene mawu achokera sadodoma ana akamfunsa. Mneni uja "remember", ndiye kukumbuka, sanabadwire ku England. Angerezi akale anali nalo liwu lawolawo, "gemunan", limene linatha kalekale, ngakhale mbale wake "mind" alipobe kufikira lero.

M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndimo Chifalansa chinasanduka chinenero cha mafumu ndi nduna zawo. Mwa mawu ambiri amene analowa m'Chingerezi pambuyo pake munali "remembrer", liwu lochokera ku Chilatini "rememorari": "re" atanthauza kubwereza, ndipo "memor" ndiye munthu wosunga zinthu mumtima. M'zaka za m'ma 1300 mlendoyo anali atakhazikika, pakuti mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, anamgwiritsa ntchito m'zolemba zake.

Masiku amenewo mneniyu ankasenza akatundu awiri, kukumbuka ndi kukumbutsa komwe, ndipo kunali chomwecho kufikira nthawi ya Shakespeare, amene anamwalira mu 1616. Koma m'zaka zomwezo za m'ma 1600 kunabadwa "remind", amene pang'onopang'ono analanda ntchito ya kukumbutsa. Chotsalira cha machitidwe akalewo chimveka m'mawu otsazikirana akuti "Remember me to your father," ndiko kunena kuti, "Mukandiperekere moni kwa atate anu."

Apa ndi pamene ana athu apunthwa. M'Chichewa "kumbuka" asanduka "kumbutsa" pakusintha mathero okha, tsono mwana aganiza kuti Chingerezi nachonso chili ndi tsinde limodzi. Alemba "Remember me to bring chalk" pofuna kunena kuti mundikumbutse kubwera ndi choko. Angerezi a nthawi ya Shakespeare akadamumva mwanayo, koma wochonga mayeso adula mzere wofiira, pakuti lero pafunika "Remind me."

Msampha wachiwiri uli pa mawu otsata mneniyo. Akati "Remember to close the door," chitseko sichinatsekedwe: kukumbuka kuli patsogolo, ntchito ibwera pambuyo. Akati "I remember closing the door," chitseko chinatsekedwa kale, ndipo munthuyo angoyang'ana m'mbuyo. Aneni ena awiri, "recall" ndi "recollect", ayang'ana m'mbuyo mokha. Chifukwa chake munthu sangatume nawo mwana kukatseka chitseko.

Mphunzitsi asathamangire kulanga mwana wolakwa pa zimenezi, popeza kulakwako kuli ndi gwero lake lomveka. Alembe pabolodi "kumbuka" ndi "kumbutsa", pansi pake "remember" ndi "remind". Kenaka atume mwana mmodzi kukatseka chitseko ndi chiganizo choyamba chija, ndipo mwanayo pobwera anene yekha chachiwiri. Chimene ana achita ndi manja awo sachiiwala msanga.