Mlangizi wa zaumoyo

Mlangizi wa zaumoyo ndi wogwira ntchito wa Unduna wa Zaumoyo ku Malawi amene udindo wake waukulu ndi kuteteza anthu kuti asadwale. Ntchitoyi inayamba ndi anthu opereka katemera wa nthomba, ndipo inakula m'zaka za m'ma 1970 pamene boma linkalimbana ndi kolera. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi azitumikira anthu 1,000.

Mlangizi amapereka katemera wa poliyo, chikuku ndi kafumbata, amayeza ana kusikelo, amagawa kolorini wothira m'madzi akumwa, ndiponso amayendera zimbudzi, zitsime ndi mijigo. Matenda opatsirana akabuka m'mudzi, iye ndiye amathamangitsa uthenga kuchipatala. M'madera akutali ndi chipatala amathandiza ana osakwana zaka zisanu odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, ndipo ovutika kwambiri amawatumiza kwa dokotala.

Wofuna kukumana naye afunse kwa amfumu, kukomiti ya zaumoyo ya m'mudzi kapena pachipatala chapafupi. Ntchito ya alangizi imayang'aniridwa ndi ofesi ya zaumoyo ya paboma. Kudziwana ndi mlangizi wa m'dera lako matenda asanafike kumapulumutsa moyo.