Chiyambi cha Maudindo a Mphunzitsi Wachizimayi m'Malawi

Mbiri ya womwalira, yomwe ndi chidule cha moyo wa munthu chimene wachibale kapena mkulu wa mpingo amawerenga pamaliro thupi lisanapite kumanda, ikakhala ya mayi amene anali mphunzitsi, kawirikawiri imatchula sukulu zimene anaphunzitsako, ana amene anabereka ndi kulera, ndiponso ntchito zimene anagwira kumpingo ndi kumudzi popanda malipiro. Anamalira amaona zonsezi ngati zipatso za mtima wabwino wa malemu, ndipo salakwa, koma kulukana kwa maudindowa kuli ndi mbiri yakeyake, pakuti kwa zaka zoposa 100 mipingo ndi boma zinakonza dala kuti mkazi wophunzitsa azisenza zonse pamodzi, ngakhale kuti malipiro ake anali a udindo umodzi wokha.

Amishoni asanafike, mphunzitsi wamkulu wa atsikana pakati pa Achewa ndi Amang'anja anali namkungwi, mayi wachikulire amene ankatsogolera chinamwali, mwambo wolangiza mtsikana amene watha msinkhu. Mothandizidwa ndi aphungu, amene aliyense ankayang'anira namwali wake, namkungwi ankaphunzitsa za ukhondo, ulemu, banja ndi uchembere kudzera m'nyimbo, magule ndi miyambi, ndipo mawu ake ankalemera ngakhale pamaso pa mfumu, chifukwa m'mitundu imeneyi mwana amatsata kuchikazi ndipo mwamuna ndiye ankasamuka kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wake. Kuphunzitsa, kulera ndi kutumikira mudzi sizinali ntchito zosiyana kwa iye, koma iye anali ndi ulamuliro wolingana ndi katunduyo, chinthu chimene olowa m'malo mwake sanachipeze msanga.

Sukulu zolemba ndi kuwerenga zinabwera ndi mishoni ya Livingstonia, imene inayambira ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndiponso Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Aphunzitsi a m'sukulu za m'midzi anali amuna pafupifupi onse, pomwe atsikana owerengeka amene makolo anawalola ankasungidwa m'nyumba zogonera pamishoni, kumene ankaphunzira kuwerenga, katekisimu, kusoka, kuchapa ndi kuphika, cholinga chachikulu chili chakuti adzakhale akazi oyenera a aphunzitsi ndi alaliki. Ngakhale ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kumene John Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission mu 1900, ntchito ya akazi inadzera njira yomweyo: Emma DeLaney, mmishoni wachikuda wochokera ku America amene anafika mu 1902, anaphunzitsa amayi ndi atsikana, ndipo Ida Chilembwe, mkazi wa John, ankatsogolera maphunziro a kusoka. Amayi ambiri amene anaphunzitsa anzawo m'zaka zimenezo amangodziwika m'malipoti a mishoni ngati akazi a aphunzitsi, popanda mayina awo, ndipo kutayika kumeneku n'kopweteka kwa aliyense wofuna kulemba mbiri ya maphunziro mwachilungamo.

M'chigawo chapakati amishoni a Dutch Reformed analetsa Akhristu kuvinira ana awo chinamwali, makamaka chifukwa cha ubale wake ndi gule wamkulu, koma makolo sanathe kulola mwana wamkazi kukula wosalangizidwa, kotero mpingo unakhazikitsa chilangizo, chimene ndi chinamwali chachikhristu chotsogoleredwa ndi amayi osankhidwa otchedwa alangizi. Mu 1940 kunabadwa Chigwirizano, bungwe la amayi a mpingo m'dera la Nkhoma, lofanana ndi Mvano ku Blantyre ndi Umanyano ku Livingstonia, ndipo ntchito zake zinali kuyendera odwala, kuthandiza okalamba, kugona pamaliro ndi kuphunzitsana Baibulo. Popeza mabungwewa ankafuna mlembi ndi msungichuma wodziwa kulemba ndi kuwerengera, udindo unkagwera mphunzitsi wachizimayi kapena mkazi wa mphunzitsi. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997 lonena za amayi Achichewa mu sinodi ya Nkhoma, anasonyeza kuti misonkhano ya Chigwirizano inkakhala ndi mkhalapakati, mkulu wa mpingo wamwamuna amene ankaimira abusa ndi akulu anzake pakati pa amayiwo, zomwe zikutanthauza kuti katundu wa namkungwi anabwerera pamutu pa amayi koma ulamuliro wake unatsalira m'manja mwa amuna.

Boma la atsamunda linamanga pamaziko omwewo. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zotsogoleredwa ndi Thomas Jesse Jones ndipo mwa izo munali James Aggrey wa ku Gold Coast, zitayendera Nyasaland mu 1924, boma linatsegula nthambi yoona za maphunziro mu 1926, kenako sukulu ya Jeanes ku Domasi mu 1929. Dzina la sukuluyi linachokera kwa Anna Jeanes wa ku Philadelphia, amene mu 1907 anapereka chuma chothandizira sukulu za anthu akuda m'midzi ya kummwera kwa America, kumene aphunzitsi oyendera, kuyambira ndi Virginia Randolph mu 1908, ankalangiza anzawo ndi kulimbikitsa ukhondo ndi ntchito zamanja. Ku America ambiri mwa oyenderawo anali akazi, koma ku Domasi olembedwa anali amuna, amene ankabwera ndi mabanja awo kuti pamene bambo akuphunzira kuyang'anira sukulu, mayi aziphunzira kasamalidwe ka makanda, kadyedwe koyenera ndi kasungidwe ka pakhomo. Pobwerera kumudzi, nyumba yawo inkayenera kukhala chitsanzo chimene ena angaonereko, motero khitchini, chimbudzi, dimba ndi ana a mayiyo zinasanduka zida zophunzitsira, ndipo mayiyo analibe nthawi yoweruka chifukwa kalasi yake inali pakhomo pake penipeni.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 akazi okhala ndi satifiketi ya uphunzitsi anachuluka, ndipo anayamba kulembedwa ntchito m'dzina lawolawo pa magiredi a T3 ndi T2, malinga ndi mayeso amene anakhoza asanalowe koleji. Chizolowezi chakale sichinathe, chifukwa mayi wophunzira ndiye ankaitanidwa kukathandiza pa sukulu za kwacha, zimene ndi makalasi ophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, komanso m'bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi limene linakhazikitsidwa mu 1985, m'nthawi imene kukana ntchito yokhudzana ndi chipani cholamula kunali koopsa.

Zaka za m'ma 1990 ndizo zinalemetsa katunduyu koposa. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi akale anayenera kusamala makalasi a ana oposa 100, ena a pansi pa mtengo, kwinaku akuwongolera anzawo atsopano amene analembedwa asanapite kukoleji. Pa nthawi yomweyo Edzi inkapha abale awo, ndipo popeza malipiro a mphunzitsi, ngakhale ochepa, anali odalirika kuposa zokolola, ana amasiye ambiri ankatumizidwa kunyumba kwake. Lamulo la 1993 lolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu linafunanso munthu woligwiritsa ntchito, ndipo amene ankayenda khomo ndi khomo kukambirana ndi makolo, ankhoswe ndi mafumu anali aphunzitsi achizimayi pamodzi ndi magulu a amayi amene pambuyo pake anakhazikitsidwa m'sukulu zambiri, ntchito imene siinkawerengeredwa pokweza munthu giredi kapena powerengera penshoni yake.