Mmene Facebook, WhatsApp ndi X Zimakhudzila Ubale wa Maiko

Kale nkhani za pakati pa maboma zinali kuyenda pang'onopang'ono. Kazembe anali kulemba kalata, nduna yoona za maiko akunja inali kuyankha, ndipo ife tinali kumva pa wailesi zonse zitatha kale. Masiku ano uthenga umafika pa foni yathu kazembe asanakhale n'komwe pa mpando. Malo ocezela a pa intaneti asintha ubale wa maiko m'njila ziwili.

Atsogoleli amalankhulana poyela

Njila yoyamba ndi yakuti atsogoleli amalemba okha, dziko lonse likuona. Pa 29 June 2019, Donald Trump analemba pa Twitter, imene tsopano imachedwa X, kuti angakonde kupatsana moni ndi Kim Jong Un wa ku North Korea. Tsiku lotsatila anakumanadi ku Panmunjom, pa malile a maiko awili a Korea. Misonkhano yotele imatenga nthawi yaitali kuikonza.

Koma liwilo limeneli limabweletsanso mikangano. Mu August 2018, Trump analemba kuti boma la South Africa likulanda mafamu a azungu. Boma la South Africa linatsutsa pa Twitter pomwepo, kenako linaitana woimila America ku Pretoria kuti akafotokoze.

Anthu wamba amakankha maboma

Njila yaciwili imatikhudza ife mwacindunji. Mu September 2019, anthu ocokela kumaiko ena anaukilidwa ku Johannesburg ndi ku Pretoria. Ciwawaco cinacitikadi, ndipo anthu anafa. Mavidiyo anafalikila pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo mkwiyo unakula mu Africa. Kuno kwathu, FAZ inaimitsa masewela a mpila a Chipolopolo ndi Bafana Bafana amene anayenela kucitika pa 7 September mu Lusaka. Ophunzila a m'mayunivesite anaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa South Africa. Ku Nigeria, anthu anaononga masitolo a makampani a ku South Africa, ndipo dzikolo linayamba latseka maofesi ake a ukazembe ku Abuja ndi ku Lagos.

Atsogoleli anakakamizika kucitapo kanthu. Pa malilo a Robert Mugabe ku Harare, anthu anakuwiza Cyril Ramaphosa, ndipo iye anapepesa. Pambuyo pake anatumiza nthumwi zapadela, kuphatikizapo Jeff Radebe, kumaiko angapo kuti akakonze ubale.

Komabe, si mavidiyo onse amene anali oona. Mabungwe ofufuza nkhani anapeza kuti ena anali akale, ndipo ena sanali a ku South Africa n'komwe. Imodzi yoonetsa anthu akudumpha pa nyumba yoyaka moto inali ya ku Surat, ku India. Bodza linasakanizika ndi zoona, ndipo linaonjezela mkwiyo.

Mbali yathu

Ambili a ife tili ndi ana ndi abale ku South Africa, ku Congo, ku Tanzania ndi kwina. Amalonda athu amadutsa pa Chirundu, Kasumbalesa ndi Nakonde. Maiko akayambana, iwo ndiwo amayamba kuvutika. Conco, tisanatumize vidiyo ku gulu la banja kapena la mpingo, tidzifunse kuti: Inajambulidwa liti? Kuti? Anayamba kuitumiza ndani? Ngati sitidziwa mayankho ake, ithele pa foni yathu.